Maliro Amene Agogo Anasunga m'Chitini

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, aYotamu, nkhope yawo imachedwa kubwera. Chimene chimayamba kundifika ndi fungo la fodya wouma losakanikirana ndi dzimbiri la chitini chakale. Chaka chilichonse mvula ikangotha, dzuwa litayamba kuumitsa mapesi m'minda, iwo ankayala mkeka kuseri kwa nkhokwe, n'kupirikitsa nkhuku ndi ndodo, kenako n'kukwera pa mtondo kuti atsitse chitinicho pamwamba pa chipupa, paja denga limakumana ndi khoma. Chinali chitini cha tiyi, chakuda bii ndi mwaye. Pamwamba munali masamba a fodya oteteza ku chiswe ndi njenjete, pansi pake nsanza ya biriwita, ndipo m'nsanzamo munali kabuku kosaposa chikhatho cha munthu wamkulu, ka chikuto chotuwa, kopindika pang'ono ngati kamene kanakhalitsa m'thumba la munthu woyenda ulendo wautali.

Ankatsegula masamba ake limodzilimodzi ndi nsonga ya nthenga, osati ndi chala. Pa tsamba lachiwiri panali kaudzu kouma kogonekedwa pansi pa mzere umodzi wa zolemba, ndipo kaudzuko kakasuntha ankakabwezera pamalo pake ali chigwirire mpweya.

"Mlendo wathu aothereko dzuwa," ankatero. "Chiswe sichidziwa kuti uyu ndi Mjeremani."

Ine ndinali mtsikana wamng'ono, ndipo ntchito yanga inali kukhala pambali pa mkeka ndi chitsotso cha chimanga m'manja, chogendera nkhuku iliyonse yoyandikira. Agogo aakazi ankapeta mawere pakhonde, mankhusu akuuluka, uku akung'ung'udza mokweza kuti mwamuna wawo amve.

"Anzanu anabwerako kunkhondo ndi mabulangete. Inu munabwerako ndi maliro a eni."

"Bulangete likanakhala litatha kale," ankayankha osacheuka.

Nkhani ya kabukuko anandiuza pang'onopang'ono, zaka zingapo, nthawi zambiri akupota chingwe cha khonje pa ntchafu. Pa nkhondo yoyamba ija ya Ajeremani iwo sanali msilikali. Anali wa mtengatenga. Anatengedwa pamudzi pathu ku Dedza limodzi ndi mng'ono wawo Eliya, mnyamata amene ankawafika m'khutu akaima pamodzi, wa chipsera pachipumi pomwe ng'ombe ya amalume awo inamugunda ali mwana. Anasenza mabokosi a zipolopolo ndi matumba a mpunga m'mapiri a ku Tanganyika, opanda nsapato, mvula ikuwakhuthukira pamsana, nkhata zikuwola pamutu. Eliya anadwala kamwazi. Tsiku lina anatula katundu wake n'kukhala pansi m'mbali mwa njira. Kapitawo anatola katunduyo n'kusenzetsa wina, mzere n'kumapitirira. Agogo anapempha kuti atsale naye, ndipo anawayankha ndi chikoti.

"Ndinacheuka kawiri," ankatero. "Kachitatu kunali phiri."

Palibe amene anafunsa dzina la Eliya, ndipo palibe pomwe linalembedwa.

Patapita milungu ingapo anafika pa msasa umene Ajeremani anali atangosamukapo, phulusa likadali lofunda. Agogo anatumidwa kukasasula zisakasa kuti apeze nkhuni, ndipo m'chisakasa chimodzi anapezamo mzungu atagona pa udzu, mnyamata ndithu, maso ali chikasu ndi malungo, milomo itang'aluka. Anzake anamusiya chifukwa sakanatha kuyenda. Agogo anamudzutsa mutu n'kumumwetsa madzi a m'chipanda chawo. Iye anapisa dzanja m'malaya, natulutsa kabuku kaja, nakatsegula, naloza mzere umodzi ndi chala, akulankhula mawu amene agogo sanamvepo ngakhale limodzi. Iwo anazula kaudzu pamene anagonapo n'kukaika pa mzerewo kuti asadzaiwale. Dzuwa lisanapendeke mnyamatayo anali atatsirizika.

Asilikali analamula kuti agogo ndi mnzawo wina wa ku Ntcheu amukwirire msanga. Iwo sanachite zamsanga. Anakumba manda enieni, anamusambitsa kumaso, anamutseka maso, anamukulunga m'bulangete lake lomwe, n'kumuika pansi pa mtengo wa msuku, mtsinje uli kudzanja lamanja, mutu ataulozetsa kumpoto chifukwa anamva kuti kwawo kwa azungu n'kumeneko. Kabukuko anakabisa m'chiuno.

Kwathu munthu akamwalira kutali ndi kwawo, amene wamuika m'manda sakhala atamaliza ntchito. Amayenera kupita kwa eni ake, kukhala pansi, n'kunena maliro: anadwala chiyani, anatsirizika bwanji, wagona pati. Mpaka atatero abale sameta, ndipo malirowo amakhala pamutu pa amene anagwira khasu. Agogo ankadziwa bwino zimene zimachitika uthenga ukapanda kufika. Atabwerera kumudzi, amayi awo anawafunsa za Eliya kuti, "Unamusiya wamoyo?" Iwo anati eya. Kuyambira tsiku limenelo mpaka imfa yawo, mayiwo ankatuluka panja galu akangouwa kunjira.

"Uyu nayenso ali ndi amake," agogo ankatero akukulunga kabukuko. "Ine ndikudziwa pamene wagona. Ndikhale chete chifukwa chiyani?"

Nthawi ya atsamunda ankaopa kukaonetsa, poti munthu wakuda wopezeka ndi mapepala a adani sankafunsidwa kawiri. Nditafika Sitandade 5 anandipatsa kuti ndiwawerengere. Zilembo zosindikiza zinali ngati minga, ndipo zolemba pamanja zinali ngati mapazi a nkhuku pamatope. Ndinangozindikira manambala ndi chidindo cha chiwombankhanga.

"Ndiye kusukuluko mumakatani?" anandifunsa.

Aphunzitsi athu nawo anakatembenuza uku ndi uku n'kukabweza. Chaka chimenecho dziko linali litangodzilamulira kumene, ndipo agogo anati, "Tsopano m'maofesi muli ana athu. Tiye kuboma."

Tinanyamuka m'mamawa mame akutinyowetsa m'miyendo, iwo atavala jekete lawo limodzi lomwelo, ine nditanyamula mbatata yootcha m'kansalu. Pawindo la ofesi tinapeza kalaliki wachinyamata wa tayi yofiira ndi seda m'mutu, akumwa tiyi.

"Madala, vuto n'chiyani?"

"Ndabwera kudzanena maliro."

"Maliro amanena kwa amfumu. Wamwalira ndani?"

"Mjeremani."

"Liti?"

"Abambo anu asanamere mano."

Anthu a pamzere anaseka, kalaliki nayenso anaseka. Analandira kabukuko, ananyambita chala chachikulu n'kutsegula masamba ake mothamanga ngati akuwerenga makhadi a juga. Kenako anakaponya patebulo n'kuikapo kapu yake ya tiyi. Ndinaona ndi maso angawa.

"Kasiyeni, tiona. Mubwere mwezi wamawa."

"Ndipatseni kapepala kosonyeza kuti mwalandira."

"Kapepala kachiyani, poti kuwerenga komwe simudziwa?"

"Mdzukulu wangayu amadziwa."

Kalaliki ananena kuti zinthu zotere ndi za boma, naika kabukuko m'dirowa, natseka windo. Agogo sanakweze mawu. Anavula chipewa, anakhala pansi pakhonde la ofesi moyang'anizana ndi chitseko, n'kutulutsa khonje m'thumba la jekete n'kuyamba kupota. Tinakagona kwa mbale wathu wina wogulitsa nyemba pamsika, ndipo m'mawa mwake mbendera isanakwezedwe tinali tili pakhonde pomwe paja.

"Mwadzuka bwanji, achimwene?" agogo anamulonjera kalalikiyo akufika. "Mlendo wanga wagona bwanji m'dirowamo?"

Iye anangolowa. Tsiku lachiwirilo amayi ogulitsa nthochi anayamba kutibweretsera zakupsa kwambiri, ndipo aliyense wobwera kudzadula msonkho wa njinga ankafunsa kuti madalawa akudikira chiyani. Agogo ankafotokoza zonse, kuyambira pa chisakasa mpaka pa kapu ya tiyi, mokweza bwino kuti mawu alowe pawindo. Ine ndinkalira ndi manyazi komanso njala. Iwo ankangoti, "Gwira uku," n'kundipatsa nsonga ya chingwe. Tsiku lachitatu bwana wamkulu wa ofesiyo anaima pakhomo n'kufunsa kuti chikuchitika n'chiyani pakhonde pake. Sipanapite nthawi, windo linatseguka, kabuku kanaponyedwa panja, windo n'kutsekekanso.

Pachikuto panali bwalo lofiirira la tiyi. Agogo analipukuta ndi mkono wa jekete, koma silinachoke. Tinayenda mtunda wautali, chingwe cha masiku atatu chili paphewa pawo. Titawoloka mlatho anati, "Esinati, pepala la munthu ndi munthu. Osaikapo kapu. Ndipo ukapereka chinthu m'manja mwa wa muofesi, uzilandira chinthu."

Mawu amenewo anandisankhira ntchito. Ndagwira m'chipinda chosungira mafayilo moyo wanga wonse, poyamba ku Lilongwe, kenako kuno ku Nairobi kumene bungwe lathu linandisamutsira, ndipo pa desiki panga sipanakhalepo kapu. Achinyamata a muofesi ankanditcha Mama Risiti akuganiza kuti sindikumva. Ndinkamva, ndipo silinkandinyansa.

Agogo anamwalira ndili ku sekondale. Atadwala anandiitanitsa, chitini chili pambali pa mphasa.

"Munda sindikukusiyira, uli ndi eni ake. Ndakusiyira ulendo. Msuku, mtsinje kumanja, mutu kumpoto. Bwereza."

Ndinabwereza katatu.

Musaganize kuti ndinakhala manja lende zaka zonsezi. Ndinalemba makalata khumi ndi imodzi kumaofesi osiyanasiyana, ndipo makope ake onse ali m'fayilo yobiriwira. Atatu okha ndiwo anayankhidwa. Oyamba anati si nkhani ya ofesi yawo. Achiwiri anati ndilembe dzina la msilikaliyo pa fomu, dzina limene sindinkatha kuwerenga, poti ngakhale Ajeremani awiri achinyamata amene ndinagwirapo nawo ntchito anaona chithunzi cha tsambalo n'kupukusa mutu, amvekere zolemba za makolo zimenezo kusukulu anasiya kuphunzitsa kalekale. Achitatu anati nditumize kabukuko pa positi. Pa positi! Chinthu chimene munthu anakhalira pakhonde masiku atatu.

Chaka chathachi zinthu ziwiri zinabwera pamodzi. Dokotala anandiuza kuti maso anga akuchita mdima umene opaleshoni siingaubweze, ndipo mwana wanga Tamanda, amene ndimakhala naye mu fulati ku Roysambu chipumireni pantchito, anauzidwa kuti ntchito yake ikutha, tibwerere kwathu. Loweruka lina anaima pakati pa makatoni anga atagwira m'chiuno.

"Amayi, ndege sinyamula makatoni naini a mapepala. Risiti ya ketulo imene inapsa kalekale mukuisungiranji?"

"Inapsa ndi ketulo, osati risiti."

"Chabwino. Nanga chitinichi? Bwanji tingochipereka ku myuziyamu, anthu azikaona?"

"Munthu ameneyu sanafere kuti aziwonedwa pagalasi. Ali ndi kwawo."

"Zaka zoposa handiredi, amayi. Kwawoko kwatsala ndani?"

"Ndi zimene ndikufuna ndikamve."

Kenako anati, "Mwafanana ndi agogo anuwo ngakhale sindinawaone." Koma ndi iye yemweyo amene Lamlungu lotsatira anafunsafunsa kutchalitchi kwathu, mpaka mayi wina wa ku Zomba anatchula Mayi Ilse, namwino wopuma pantchito wa ku Jeremani, amene amathandiza pa kachipatala kena ku Kibera ndipo amakhala m'kanyumba ka kuseri kwa mpanda wina ku Muthaiga. Anati ndi wachikulire, mwina zolemba zakalezo angazidziwe.

Ndinakwera minibasi, imene kuno amati matatu, pa Thika Road chitini chili m'chikwama pamiyendo. Kondakitala anatambasula dzanja kuti aike chikwamacho pansi pa mpando, amvekere m'Chiswahili, "Mama, leta mzigo," kuti ndimupatse katunduyo. Ndinakana kuti, "Hapana," ndipo nkhope yanga inamuuza zotsalazo.

Mayi Ilse anandilandira ndi tiyi. Ndinakhala osatsegula chikwama mpaka anazindikira okha n'kusamutsira makapu pa tebulo lina. Anasamba m'manja, anavala magalasi, n'kutsegula chikuto. Anati agogo awo aakazi ankawalembera makalata ndi zilembo zomwezi. Kenako anayamba kuwerenga, akumasulira m'Chingerezi mzere ndi mzere.

Dzina la msilikaliyo linali Emil. Bambo ake anali kalipentala. Mudzi wake unalembedwa, tsiku lobadwa, mpingo wake, msinkhu wake, mtundu wa tsitsi lake, katemera amene anabayidwa ndi masiku ake. Analembamo ngakhale saizi ya nsapato zake. Atafika pa kaudzu kaja anandifunsa ngati angakasunthe. Ndinati ayi, awerenge chomwecho. Anawerama n'kunena kuti, "Apa ndi dzina la amayi ake. Anna."

Agogo, amene ankati uyu nayenso ali ndi amake, anamva bwino popanda kumva mawu.

Mayi Ilse anavula magalasi n'kundifotokozera mofatsa kuti msilikali aliyense wa kwawo ankayenda ndi kabuku kotere monga umboni wa kuti iye ndani, ndipo kakapezeka pa womwalira kankayenera kuperekedwa kwa akuluakulu a asilikali, ngakhale a mbali inayo, kuti dzina lilowe pa mndandanda wa akufa.

"Agogo anu akanakapereka tsiku lomwelo, mwina Anna akanamva za mwana wake asanamwalire."

Ndinati, "Akanapereka kwa mkulu uti? Yemwe uja anasiya Eliya m'mbali mwa njira osafunsa n'dzina lomwe?"

"Eliya ndani?" anafunsa.

Aka kanali koyamba kuti munthu wosakhala wa m'banja mwathu afunse funso limenelo. Ndinawauza zonse. Sindibisa kuti mawu awo aja anandipweteka masiku ambiri, chifukwa ndine munthu wa mafayilo ndipo ndikudziwa kuti mwina ankanena zoona. N'kutheka kuti agogo, pofuna kuti uthenga usatayike m'manja mwa anthu amene anawaona akutaya munthu, anauchedwetsa okha, ndipo mayi wina kutali uko anafa akutuluka panja galu akauwa. Koma kuchedwa kwa uthenga wa maliro sikuchotsa udindo wa wounyamula.

Mayi Ilse analembera kutchalitchi cha m'mudzi wa Emil. Patapita miyezi iwiri anandiimbira foni kuti kwapezeka mdzukulu wa mlongo wa Emil, gogo wina dzina lake Marta, ndipo avomera kuti tilankhulane pa foni ya kanema.

Tsikulo ndinavala chitenje ndi duku. Mayi Ilse anandikokera mpando, ine ndinakana, poti maliro sanenera pampando. Ndinakhala pansi pa simenti, miyendo nditatambasula, Tamanda atagwada pambali panga ndi foni. Ndinalankhula Chichewa, Tamanda n'kumapereka m'Chingerezi, Mayi Ilse m'chinenero chawo.

"Ndatumidwa ndi agogo anga aYotamu. Pepani, tachedwa panjira. Mwana wanu Emil anatisiya. Anadwala malungo ku Tanganyika, ndipo anatsirizika masana. Agogo anamusambitsa, anamutseka maso, anamukulunga m'bulangete lake. Wagona pansi pa mtengo wa msuku, mtsinje uli kumanja, mutu waloza kumpoto, kwanuko."

Gogo wa pa foniyo anaika dzanja pakamwa. Kenako anafunsa funso lalifupi.

"Akuti, anali yekha?" anatero Tamanda.

"Ayi. Anamwa madzi m'manja mwa munthu."

Gogo Marta analankhula nthawi yaitali. Anati m'banja mwawo munali mbali ziwiri: ena ankati anafa, ena ankati anakwatira ku Africa n'kuiwala amake, ndipo agogo awo anakalamba ali ndi mkwiyo pa mlongo wawoyo. Ndinauza Tamanda kuti asendeze foni pa tsamba lachiwiri.

"Auze kuti kaudzu aka kakhala apa kuyambira tsiku limenelo. Mzere umenewu ndi umene analoza."

Kabukuko anakatenga pamanja Mayi Ilse popita kwawo kutchuthi, kaudzu kali pamalo pake. Anandisainira risiti, ndipo Gogo Marta anasainanso ina kumeneko. Zonse ziwiri zili m'fayilo yobiriwira. M'envelopumo ndinaikamo kalata yofotokoza kuti bwalo la tiyi lili pachikutolo silinachitike m'nyumba mwathu.

Chitini chinakhala chopanda kanthu mlungu umodzi, ndipo chimene chinkandizungulira m'mutu chinali saizi ya nsapato ija. Anthu anakhala pansi n'kuyeza phazi la Emil, n'kulemba, n'kudinda. M'bale wa agogo anayenda mapiri omwewo, m'nkhondo yomweyo, ndipo palibe anamulemba ngakhale pa khungwa la mtengo. Ndinatsika masitepe, ndinagula kope pa kiyosiki ya pansi pa fulati yathu, n'kulidula ndi sizasi kuti lifanane ndi chikhatho. Ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu, mphuno ili pafupi ndi pepala, motsatira ndondomeko ya kabuku kaja. Dzina: Eliya. Amake: aNambewe. Kwawo: Dedza. Ntchito: mtengatenga. Msinkhu: ankafika aYotamu m'khutu. Chizindikiro: chipsera cha nyanga ya ng'ombe pachipumi. Nsapato: analibe.

Mzere wa pamene wagona ndinausiya wopanda kanthu, chifukwa sindilemba chimene sindikudziwa.

Tamanda anawerenga ataima kumbuyo kwanga. Mawa lake pochokera kuntchito anabwera ndi masamba awiri a fodya atakulunga m'nyuzipepala. Makatoni ndawachepetsa mpaka anayi, ndipo risiti ya ketulo ndataya ndi dzanja langa. Chitini chokha sichilowa m'katoni. Chikwera ndege pamiyendo panga mpaka kwathu, ndipo mvula ikadzangotha ndidzayala mkeka kuseri kwa nkhokwe kuti Eliya aothereko dzuwa la kwawo.